Zithunzi za m'Bokosi la Agogo

Mwezi uno tifuna kukusimbirani za bokosi la malata limene linatsala pang'ono kuyambanitsa banja lathu, ndi za mapepala akale amene tinapeza m'menemo. Ife olemba mau awa tiri ana atatu a mai mmodzi, amuna awiri ndi mkazi mmodzi, ndipo tonse imvi zayamba kutimera. Tinapangana kulemba pamodzi, pakuti mlanduwo tinauweruza pamodzi. Ndipo kapena m'nyumba zanu mulinso bokosi lotere limene lidikira tsiku lace.

Agogo athu, atate ao a amai, anapita ku Joni m'caka ca 1937. Sanalembedwe nchito ya m'migodi iai. Anapita selufu, pena pa miyendo, pena pa sitima, monga anacitira anyamata ambiri a masiku amenewo ofuna ndalama ya msonkho ndi nsaru ya mkazi. Ku Johannesburg anapeza nchito yophika m'nyumba ya Mzungu, nakhala komweko zaka 15, kufikira anthu kumudzi anayamba kuwachula mchona. M'caka ca 1952 anabwera ndi njinga, jasi lakuda, ndi bokosi lija.

Nchito yao yoyamba m'mamawa inali kukoleza moto m'mbaula ya m'khichini, ndipo cokolezera cace cinali nyuzipepala ya dzulo. Tsono pa tsamba lina la nyuzipepalayo panali tizithunzi tojambula ndi manja, tondandalikidwa m'mizere, titatu kapena tinai pa mzere umodzi. Munthu ayamba kuyang'ana kumanzere napita kumanja, ndipo nkhani iyenda yokha: apa mkazi watenga mbale, apa waiponya, apa yasweka pa mutu wa mwamuna. Mau a anthuwo alembedwa pamwamba pa mitu yao, ozingidwa ndi mzere wonga kamtambo, ka mcira woloza kukamwa kwa wonenayo. Agogo anacita cisoni kuocha zinthu zotere. Cotero tsiku ndi tsiku, asanakhwache macesi, anayamba adula mzere umene anaukonda ndi mpeni wa ndiwo, naubisa m'thumba.

Pamene tinali ana, m'zaka za m'ma 1970, bokosilo linali kutsegulidwa pa masiku akuru okha, pa Khrisimasi, pa Paskha, kapena tikatha kukolola. Agogo anali kuyamba asamba m'manja, nakhala pa mpando wao wa ndalema, ife pa mphasa, nyali ya parafini pakati. Kugwira sanali kutilola. Anali kumasula mtolo umodzi womangidwa ndi ulusi, naika pepala limodzi limodzi pa bondo, natisimbira nkhani yace m'Cinyanja, mau a mwamuna ndi mau a mkazi omwe, kufikira nthiti zinatipweteka ndi kuseka. Panali nkhalamba ina yaifupi ya cipewa cacitali, yoopa mkazi wace koposa mkango. Imeneyi anali kuichula a Kabici. Panalinso cimunthu cakuda ca cifuwa cacikuru, cobvala cikopa ca nyalugwe ndi kapewa kopanda mlomo, coyenda ndi Mzungu wa ndodo ndi mwinjiro. Ameneyu anali kumuchula Mwana wa Mfumu. Ndipo akafika pa iyeyu mau a agogo anali kutsika, ndi kuseka kunali kutha.

Agogo anamwalira m'caka ca 1981, ndipo amai anakankhira bokosilo kunsi kwa bedi, osalitsegulanso. M'caka ca 2019 amai naonso anatisiya. Titatha kulira maliro, abale anasonkhana kugawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Mbale, makasu ndi mabulangete zinagawidwa popanda mau. Potsiriza tinakoka bokosi lija, tinathyola loko wa dzimbiri, ndipo tinaona kuti ciswe cinalowa pa ngodya ina, nicisandutsa mitolo iwiri dothi. Mapepala otsala anali atafiira ngati tiyi, ophwanyika ngati masamba ouma. Tinawawerenga, napitirira 600. Pansi peni peni panali buku lakale lolembamo ndalama, koma masamba ace anali atamatana ndi cinyezi, ndipo tinaliika pambali.

Pamenepo mpamene mau anayambira. Amalume, amene asuta cingambwe, anagwira pepala limodzi, nalipsinya pakati pa zala, nati, "Atate anali ndi zibwana zao. Ndipatseni ine, andikwanira kupicira fodya caka cathunthu." Mlamu wathu wogulitsa zitumbuwa anati akufuna okulungira malonda, koma anafunsanso ngati kulibe Azungu ogula zinthu zakale. Tsono panali mtsikana wathu wa ku sekondale, mdzukulu wa malemuwo, amene anatenga mtolo wa Mwana wa Mfumu nawerenga cete. Tinaona nkhope yace irikusintha. Ndipo anati, "Amai, amalume, kodi mudziwa zimene zalembedwa apa? Munthu wakudayu ndi wanchito wa Mzunguyu, ndipo amlankhulitsa Cingelezi cothyokathyoka ngati ca kamwana, kuti owerenga amuseke. Zimenezi nzotinyoza ife. Tizioche."

Tonse tinangoti kakasi. Fodya ndi zitumbuwa sizinatibvute mtima, koma mau a mwanayu anatilasa. Kodi agogo athu, munthu wanzeru amene anali kuweruza milandu pa bwalo, ananyengedwa, nasunga zaka 44 cinthu cowatukwana? Kodi ife tinakula tirikuseka manyazi athu omwe? Tinalamula kuti wina asagwire kanthu kufikira titafunsa bwino. Ndipo tinaitana mwana wathu wina, mphunzitsi, kuti afufuze m'mabuku ndi pa intaneti maina ang'ono ang'ono olembedwa m'ngodya za zithunzizo. Zimene anatiuza ndi izi.

Zithunzi zotere zinakula ku New York, m'dziko la America, pamene eni nyuzipepala awiri, Joseph Pulitzer ndi William Randolph Hearst, anali kulimbirana owerenga. M'caka ca 1895 nyuzipepala ya Pulitzer inayamba kusindikiza zithunzi za Richard Outcault za kamwana kadazi kobvala mkanjo wacikasu, kochedwa Yellow Kid. Ndipo caka cotsatira Hearst anamkopa wojambulayo ndi ndalama. M'caka ca 1897 Rudolph Dirks anayamba nkhani ya ana awiri opulupudza, Katzenjammer Kids. M'mzindamo munali alendo ambiri ocokera ku maiko ena, osadziwa bwino Cingelezi, ndipo amenewa anapeza tsamba limene munthu angathe kuliwerenga ndi maso okha, monga anapezera agogo. Pambuyo pace panabadwa makampani ogulitsa zithunzi, monga King Features. Wojambula anali kujambula cithunzi cacikuru ndi inki pa pepala lolimba. Kampani inali kupanga zikombole za pepala lokhuthala, nizitumiza ku nyuzipepala mazana mazana, kumene anali kuthiramo mtobvu wosungunuka ndi kusindikiza. Umu ndimo m'mene dzanja la munthu mmodzi wa ku America linafikira m'khichini ya ku Johannesburg.

A Kabici aja dzina lao ndi Jiggs, ndipo nkhani yao, Bringing Up Father, inayambidwa ndi George McManus m'caka ca 1913. Jiggs ndi mwamuna wa mtundu wa ku Ireland, wonyamula njerwa, amene analemera mwadzidzidzi. Mkazi wace Maggie afuna kukhala ngati akuru a mzinda, koma iye angofuna kuzemba kukaceza ndi anzace akale ndi kukadya nyama ya mcere ndi kabici. Tinaseka pomva kuti dzina la agogo linalasa peni peni. McManus anamwalira m'caka ca 1954, koma ena anapitiriza nkhaniyo kufikira caka ca 2000, ndizo zaka 87. Tinayang'ananso zithunzizo ndi maso atsopano: mzere wace ngwoonda ndi woyera, wopanda kunjenjemera, ndipo makwerero, makatani ndi madiresi anajambulidwa mosamala ngati nchito ya mmisiri wosema mpando wa mfumu. Munthu wocita zotere tsiku ndi tsiku kwa zaka 40 ayenera ulemu umene tipatsa wosula makasu wodziwa nchito.

Koma za Mwana wa Mfumu mphunzitsi sanatibisire. Nkhaniyo ndi Mandrake the Magician, imene inayamba mu June 1934. Wolemba mau anali Lee Falk, wojambula Phil Davis. Mandrake ndi munthu wonyenga maso a akuba ndi acifwamba, kuti aone zimene palibe. Wakudayo dzina lace ndi Lothar, ndipo m'nkhanimo ndi mwana wa mfumu ya mitundu 7 ya mu Africa, amene anasiya ufumu kuti atsate Mandrake. Mtsikana wathu sananame iai: m'zaka zoyambazo Lothar anali wanchito, wamphamvu za thupi, wolankhula mothyoka. Davis atamwalira m'caka ca 1964, Fred Fredericks anatenga nchitoyo m'caka ca 1965, ndipo kuyambira pamenepo Lothar anabvala zobvala zina, nalankhula Cingelezi colongosoka, nakhala bwenzi. Nkhaniyo inatha m'caka ca 2013. Koma mapepala a m'bokosi lathu onse nga zaka zakale zija.

Ndipo ife Akatolika tisaloze cala ku America kokha. Nkhani yochuka ya Tintin inabadwa pa 10 January 1929 m'tsamba la ana la nyuzipepala ya Cikatolika ya ku Brussels, Le Vingtième Siècle, imene mkuru wace anali wansembe, Norbert Wallez. Wojambula wace, Hergé, anali mnyamata waluso ndithu. Koma m'zaka za 1930 ndi 1931 anajambula ulendo wa Tintin ku Congo, dziko limene iye sanalipondepo, naonetsa anthu akuda ngati ana opusa a milomo yaikuru. M'caka ca 1946 anaijambulanso nkhaniyo; ndipo pamene kale Tintin anali kuphunzitsa ana a ku Congo kuti dziko lao ndi Belgium, anaikapo phunziro la masamu. Koma nkhope zija sanazisinthe kweni kweni. Dzanja likhoza kukhala laluso, mtima uli wosaona mnzace. Ndipo zonse ziwiri zitsalira pa pepala limodzi.

Titamva izi mitima yathu inapendekera ku moto. Koma mphunzitsi anapempha kuti ayambe atsegula buku lomatana lija. Analiumika pa mthunzi masiku angapo, nalekanitsa masamba pang'ono pang'ono ndi mpeni woonda. Ndipo m'menemo munali Lothar yekha yekha, masamba ngati 40, zithunzi zomatidwa mwa dongosolo. Mau a Mandrake agogo anawasiya monga anasindikizidwira. Koma pa kamtambo kali konse ka mau a Lothar anamatapo kapepala koyera, kodulidwa molingana ndi kamtamboko, nalembapo mau ao ndi pensulo, m'Cinyanja, ndi zilembo zazikuru za munthu wa sukulu ya kumudzi. Anamata ndi phala la ufa, ndipo cifukwa ca phalalo mphemvu zinadya mau ambiri. Koma ena anatsala.

Tinampatsa mtsikana uja kuti awerenge mokweza. Pa cithunzi cina Lothar wanyamula Mandrake pa phewa, ndipo agogo analemba, "Popanda ine mukadafera pano, bwana." Pa cina waima pa khomo, anzace alikudya pa tebulo: "Kwathu ndine mwana wa munthu, ndiri ndi dzina." Pa cina ayang'ana pa zenera la sitima: "Zatsala zaka ziwiri ndipite kwathu." Apa mwanayo analephera kupitiriza, natseka bukulo.

Tsono tinadziwa kuti agogo sananyengedwe. Zaka 15 m'khichini zinawaphunzitsa Cingelezi cokwanira kumva m'mene Lothar anamlankhulitsira, pakuti iwo omwe anali kumva tsiku ndi tsiku anthu alikuyeserera malankhulidwe ao. Anaona cipongweco bwino lomwe. Koma pa tsamba lonselo munthu wakuda anali mmodzi yekhayo, wanchito monga iwo, wakutali ndi kwao monga iwo. Ndipo sanamtaye, koma anamcotsa mau a eni ace, nampatsa mau a kwathu. Nkhani zimene anali kutisimbira pa mphasa zija zinali za m'buku limeneli. Amalume, amene anabadwa agogo atabwera kale, anakhala cete nthawi yaitali, nati, "Atate sanandiuzepo za ku Joni ngakhale tsiku limodzi. Kani anazilemba umu." Ndipo anapisa dzanja m'thumba la malaya, naturutsa mapepala asanu amene anazembetsa tsiku lija, naulula kuti lacisanu ndi cimodzi analisuta kale.

Mphunzitsi anatiuzanso za wojambula wina amene mulibe m'bokosi lathu, George Herriman, mwini nkhani ya Krazy Kat, ya mphaka wokonda khoswe amene amgenda ndi njerwa. Inayenda kuyambira 1913 kufikira imfa yace m'caka ca 1944, ndipo odziwa za zithunzi aiyesa imodzi ya nchito zopambana zonse. Herriman anabadwira ku New Orleans m'caka ca 1880, m'banja la magazi osakaniza, a anthu akuda ndi Azungu. Koma anagwira nchito moyo wace wonse ngati Mzungu, ndipo kawiri kawiri cipewa sicinali kucoka kumutu kwace. Za mtundu wace zinadziwika m'caka ca 1971, pamene cikalata ca kubadwa kwace cinapezeka. Cotero pa matsamba amenewa panali anthu obisa mau ao mbali zonse ziwiri, wojambula ku America ndi wodula ku Joni.

Ndipo agogo sanali okha m'kusunga kwao. M'zaka za m'ma 1960 nyumba zosungira mabuku za ku America zinali kujambula nyuzipepala zakale pa tifilimu tating'ono, ndi kutaya mapepala eni ace kuti zipeze malo. Koma tifilimuto tinali topanda mitundu, ndipo zithunzi za tsiku la Mulungu, zimene zinali zofiira, zobiriwira ndi zacikasu, zinali kutayika. Munthu wina wa ku San Francisco, Bill Blackbeard, anapempha kuti ampatse mapepalawo. Anamuyankha kuti sapatsa munthu wamba, koma bungwe. Iye anayambitsa bungwe lace m'caka ca 1968, nayamba kututa nyuzipepala kufikira nyumba yace inadzala. M'caka ca 1998 katundu ameneyu, wolemera matani 75, ananyamulidwa pa magalimoto akuru 6 kupita ku Ohio State University, kumene asungidwa. Mabuku ambiri obwereza zithunzi zakale anatheka cifukwa ca munthu ameneyu, amene anamwalira m'caka ca 2011. Cimene akuru a maphunziro anaciyesa zinyalala, wosunga mmodzi anaciyesa cuma, ndipo nthawi inamweruzira iye. Paja mau a akuru akoma akagonera.

Mlamu wathu naye analandira yankho lace. Zimene zigulidwa ndi ndalama zambiri ndi zithunzi zojambula ndi dzanja la mwini wace: mu January 2021, ku Paris, cithunzi cimodzi ca Hergé cinagulidwa ndi ma euro oposa 3 miliyoni. Koma zodulidwa m'nyuzipepala, zofiira ndi zodyedwa ngati zathuzi, zinasindikizidwa zikwi zikwi, ndipo sizingalemeretse munthu. Tinakondwera kumva zimenezi, pakuti cinthu ca ndalama cikadatigawanitsa, koma ici catisonkhanitsa.

Cigamulo cathu cinali ici: sitiocha, ndipo sitibisa. Mtsikana wathu tinamuuza pamaso pa onse kuti anacita bwino kukwiya, ndi kuti popanda mkwiyo wace buku lija likadakhala lomatana kufikira lero. Mitolo ya Lothar ya mau a Cingelezi tiisunga pamodzi ndi buku la mau a agogo, kuti ana aone zonse ziwiri. Pakuti tikaocha cipongwe, adzukulu adzayesa kuti sicinalipo, ndipo yankho la agogo lidzakhala ngati la munthu woyankha popanda womfunsa.

Kwa inu amene muli ndi mapepala akale, taphunzira izi. Pepala la nyuzi lipangidwa ndi mitengo yopera, ndipo liri ndi cowawasa mwa ilo lokha cimene cilifiiritsa ndi kuliphwanya. Dzuwa, kutentha ndi cinyezi zifulumizitsa nthendayi. Cotero musawayanike pa dzuwa, ndipo bokosi lisakhale pansi kapena kutsamira khoma, koma pa thandala louma. Musamate ndi phala, pakuti liitana mphemvu, kapena ndi selotepi, pakuti isiya banga losacoka. Yalani pepala liri lonse losapinda pakati pa mapepala oyera, ndipo zolemba zanu, monga caka ndi dzina la wosunga, mulembe ndi pensulo. Mwana wokhala ndi foni ajambule tsamba liri lonse. Ndipo m'dzinja tsegulani bokosi mwezi ndi mwezi, pakuti ciswe sicigogoda pa khomo.

Koma coposa zonse, abale, musanakoleze moto ndi mapepala a malemu, itanani mwana wodziwa kuwerenga ndi mkuru wokumbukira, akhale pa mphasa imodzi. Mwana adzaona zimene zalembedwa, mkuru adzanena amene anasunga ndi cifukwa cace. Makolo athu ambiri amene anapita ku Joni, ku Salisbury ndi ku Bulawayo anabwera ndi njinga ndi jasi, koma zimene anaona kumeneko sanazinene. Ndipo kapena zina ziri kunsi kwa bedi lanu.

Kwathu bokosi litsegulidwanso pa Khrisimasi monga kale. Wosamba m'manja ndi kukhala pa mpando wa ndalema tsopano ndi mtsikana uja. Ayamba ndi a Kabici, kuti ana aseke. Potsiriza atsegula buku la Mwana wa Mfumu, nawerenga mau amene mphemvu zinasiya. Pamene pali podyedwa amafunsa amalume, ndipo iwo aganiza pang'ono, nanena zimene atate ao akadanena.